Foni Yagulitsidwa, Wogula Akufuna Ndalama Zake: Mkristu Achitenji?



M'buku la Mphunzitsi, limene ena amalitcha buku la Sira, pa mutu 27 ndime 2, mlembi woyera akufanizira tchimo ndi chikhomo chimene munthu amakhoma pa mpata wa pakati pa miyala iwiri, ndipo miyala iwiriyo ndiyo kugula ndi kugulitsa. Aliyense amene adamangapo khola akudziwa kuti chikhomo chikalowa pothina sichizuka msanga. Lero tifuna kuona pamene chikhomo chimenechi chikulowera masiku ano, pa malonda amene makolo athu sadawadziwe, ndiwo ogulitsana mafoni a m'manja ogwiritsidwapo kale ntchito kudzera pa intaneti.

Tiyerekeze motere. Mnyamata wa ku Lilongwe wajambula foni yake, waika zithunzi pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp, nalemba kuti ili bwinobwino, mtengo wake K180,000. Mayi wina, mphunzitsi wa ku Mzimba, waiona, waikonda, watumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndipo foni yakwera basi. Patapita masiku anayi, mnyamata uja walandira uthenga wakuti foni ikungozima yokha, ndipo mayiyo akufuna ndalama zake. Mwina ndalamazo zapita kale ku lendi ya nyumba kapena ku fizi ya mlongo wake. Kodi abweze? Abweze zonse kapena gawo chabe? Nanga ngati mayiyo ndiye waigwetsa m'ndowa ya madzi? Mafunso ameneŵa akufika kwa ife ansembe ndi kwa akatekisiti kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri amafika anthu atatukwanizana kale.

Akuluakulu adati malonda ndi m'maso, ndipo adanena zoona za msika umene iwo ankaudziwa. Wogula mbuzi amaitsekula pakamwa kuti aone mano, amaiyendetsa kuti aone ngati ikutsimphina. Wogula mbatata pa Lizulu amapisa dzanja pansi pa ndowa kuti adziwe ngati zazikulu zili pamwamba pokha. Pa msika wotere wogulitsa angathe kunena kuti, “Mudaona nokha,” ndipo mawu akewo amamveka. Koma kuchokera pamene ndalama zidayamba kuyenda pa foni m'dziko muno, Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndiponso pamene Facebook idatsekula msika wake wa Marketplace mu 2016, anthu akugulana zinthu asadaonane nkhope, ndipo wogula amalipira chinthu chimene sadachikhudze. Maso ake tsopano ndi mawu a wogulitsa ndi zithunzi zimene wogulitsayo wasankha kuonetsa. Mwambi uja sungathe kutchinjiriza munthu amene maso a mnzake ali m'manja mwake.

Buku la Levitiko, pa mutu 19, likulamula Aisraele kuti masikelo ndi miyeso yao zikhale zolungama. Mneneri Amosi, pa mutu 8, akudzudzula amalonda amene ankachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kugulitsa ngakhale mungu wa tirigu. Pa malonda a pa intaneti palibe sikelo yachitsulo. Sikelo yake ndi timizere titatu kapena tinayi timene wogulitsa amalemba pansi pa chithunzi. Akalemba kuti “ilibe vuto” pamene akudziwa kuti imatentha ikakhala pa chaja, wapotoza sikelo monga momwe ankachitira amalonda a m'masiku a Amosi, ndipo waphwanya malamulo awiri pa nthawi imodzi: lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba, ndi lachisanu ndi chitatu loletsa umboni wonama.

Mphunzitsi wamkulu wa Eklezia, Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adasinkhasinkha nkhani yomweyi m'buku lake lotchedwa Summa Theologiae, pa funso la 77 la chigawo chachiwiri cha gawo lachiwiri. Iye sadaonepo foni. Zitsanzo zake ndi za golide, akavalo, nyumba ndi zakudya. Komabe zimene adaphunzitsa zikukwanira bwino lomwe pa kachipangizo ka m'thumba mwathu. Adaona kuti chinthu chogulitsidwa chingathe kulakwika mwa njira zitatu. Mwina sichili chinthu chimene wogulitsa akutchula, monga chitsulo chonyezimira chogulitsidwa ngati golide. Kwa ife imeneyi ndi foni yongotsanzira, yolembedwa dzina la kampani yotchuka pamene m'kati ndi ina. Mwina muyeso wake ndi wopereŵera, monga foni yosunga zinthu zokwana 64 GB yolengezedwa ngati ya 128 GB. Mwinanso ubwino wake sufika pamene pakunenedwa, monga chiweto chodwala chogulitsidwa ngati chamoyo wabwino. Apa ndiye pali batire lotha mphamvu, kamera yosaona bwino, ndi foni yotaya netiweki.

Wogulitsa akadziwa chilema chotere nachibisa, akutero Thomas Woyera, wachimwa ndipo ayenera kubweza. Izi palibe amene angatsutse. Koma mawu ake otsatira ndi amene ambiri a ife sitiwadziwa, kapena sitifuna kuwamva. Wogulitsa amene sankadziwa za chilemacho alibe tchimo, pakuti sadafune kunyenga munthu; komabe tsiku limene wadziwa kuti chilemacho chidalipo, ayenera kubwezera wogula zimene wataya. Taonani kusiyana kwake. Kusadziwa kumachotsa tchimo, koma sikuchotsa ngongole. Chifukwa chake nchosavuta: mnyamata uja adalandira mtengo wa foni yabwino napereka foni yodwala, kotero kuti m'thumba mwake muli ndalama zimene sadazipatsire kanthu. Ngakhale mtima wake uli woyera, ndalamazo si zake. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, akuphunzitsa zomwezi pa ndime 2410 mpaka 2412: mapangano ayenera kusungidwa, chilungamo cha pakati pa munthu ndi mnzake chimafuna kuti chimene wapereka chilingane ndi chimene walandira, ndipo pamene kulinganako kwasokonezeka, chofunika ndi kubweza.

Nchifukwa chake yankho lakuti “kuno idali bwinobwino,” ngakhale litakhala loona, silimaliza nkhani. Limangosonyeza kuti wogulitsa si wonyenga. Funso limene latsala ndi lakuti: kodi vutolo lidali kale m'foni pa tsiku limene idachoka m'manja mwake?

Thomas Woyera akusiyanitsanso chilema choonekera ndi chilema chobisika. Munthu akagulitsa kavalo wa diso limodzi, akutero, sakakamizidwa kufuula za diso linalo, pakuti aliyense akuliona, malinga mtengo watsitsidwa moyenera. Koma akagulitsa kavalo wotsimphina ngati wothamanga, nyumba yofuna kugwa ngati yolimba, kapena chakudya chovunda ngati chabwino, ayenera kuulula, chifukwa wogula angaluze chuma chake kapena kuvulala kumene. Tsono apa tiyenera kuchenjera kwambiri. Pa intaneti, choonekera ndi chokhacho chimene chajambulidwa kapena kulembedwa. Galasi losweka pangodya ndi chilema choonekera ngati lili pa chithunzi, ndipo wogula sangabwere mawa nkumadandaula za ilo. Koma wogulitsa akapendeketsa foni mochenjera kuti mng'alu usaoneke, iye mwini wasandutsa chilema choonekera kukhala chobisika. Ndipo kudzitchinjiriza kwakuti “sindidaname, iwo sadandifunse” ndi kwa munthu amene akudziwa kale kuti akadafunsidwa malonda akadafa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wothyola nkuyuyo akazidziwa nyererezo, alibe ufulu wongokhala chete.

Za kuvulala tisazitenge ngati nthano ya akavalo chabe. Batire la foni likayamba kufufuma, mpaka kukankha galasi kapena chivundikiro chakumbuyo, lingathe kuyaka moto. Kugulitsa foni yotere osanena kanthu ndi kuika moto pansi pa pilo ya mwana wa mnzako.

Nzeru imeneyi si ya Akristu okha. Kale ku Roma, akuluakulu oyang'anira misika adalamula kuti wogulitsa ziweto zonyamula katundu aulule matenda ake, ndipo wogula akapeza chilema chobisika ankaloledwa kubweza chiwetocho pasadathe miyezi 6, kapena kupempha kuti mtengo utsitsidwe pasadathe chaka. Tikuona kuti ngakhale anthu osadziwa Mthenga Wabwino adazindikira njira ziwiri zimene ifenso tiyenera kuzigwiritsa ntchito: kubweza chinthu ndi kulandira ndalama zonse, kapena kusunga chinthu ndi kulandira gawo.

Tisaganize tsono kuti wogula ndiye wolungama nthawi zonse. Buku la Miyambo, pa mutu 20 ndime 14, likumudziwa bwino wogula amene amanyoza katundu pa nthawi ya malonda, kenaka nkukadzitama atachoka. Alipo amene amagula foni, naipeza yotchipa kwina mawa lake, nkuyamba kupeka zilema. Alipo amene akadzudzulidwa ndi akazi ao kapena amuna ao chifukwa choononga ndalama amathamangira kwa wogulitsa. Alipo amene amaigwetsa pa simenti tsiku lachiwiri. Ndipo alipo akuba enieni, amene amatsekula foni, nachotsa galasi kapena batire labwino, naikamo zakutha, nkuibweza. Kapena amabweza foni ina yofanana nayo imene idafa kale. Kwa onseŵa wogulitsa alibe ngongole. Pangano lochitika moona mbali zonse ziwiri limamanga onse awiri, ndipo kusintha maganizo si chilema cha foni. Mkristu saitanidwa kukhala chitsiru cha aliyense wodziwa kukalipa. Iyenso ali ndi ana ofuna kudya, ndipo kulola kuberedwa mwaulesi ndi kulimbikitsa wakuba m'tchimo lake.

Popeza zinthu zili choncho, ntchito yaikulu ndi kufufuza choona, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Uthenga wa wogula ukafika, mtima umathamanga, ndipo chala chimafuna kutseka nambala yake kuti asaimbenso. Tikunena mosabisa kuti kutseka nambala ya munthu amene wabwera ndi dandaulo lake koyamba, usadamumve nkomwe, ndi khalidwe la wakuba, ngakhale amene wachita zimenezo sadabe kanthu. Yankho loyamba likhale laulemu ndi lofunsa: “Pepani mayi kuti foni yakuvutani. Tandiuzani, yayamba liti, ndipo imazima mukamachita chiyani? Mungandijambulire kakanema kuti ndione?” Mawu otere salonjeza ndalama ndipo sakana. Amangotsekula khomo. Kawirikawiri zimapezeka kuti vuto ndi chaja yosayenera kapena kusazoloŵera foni yatsopano, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Foni yokha ili ndi umboni wake kwa amene adziwa kuufunsa. Iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene imaoneka munthu akaimba *#06#. Mafoni olowa makadi awiri amakhala nazo ziwiri. Wogulitsa wanzeru amalemba kapena kujambula nambalayi foni isadachoke, ndipo ikabwerera amayang'ana ngati ili yomweyo. Mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro kakang'ono koyera m'kati, nthawi zambiri pafupi ndi polowera kadi, kamene kamafiira madzi akakakhudza. Mafoni a iPhone amaonetsa okha mphamvu imene yatsala m'batire poyerekeza ndi pamene lidali latsopano, ndipo ikatsika pansi pa 80 pa 100 aliwonse, batirelo limakhala lofunika kusintha. Chinthu chotere sichichitika m'masiku anayi. Wogula akaonetsa batire lotha chonchi, palibe chokanganirana: chilemacho chidachokera kwa wogulitsa. Chimodzimodzi dzimbiri la m'kati: mmisiri wodziwa ntchito yake angathe kusiyanitsa dzimbiri lakale ndi chinyezi cha dzulo. Choncho ndi bwino kuti awiriwo agwirizane za mmisiri mmodzi amene onse akumukhulupirira, osati mlamu wa mmodzi wa iwo, ndipo agwirizanenso asadapite kuti adzalandira zimene iye adzapeze.

Pali vuto lina limene ndi la wogulitsa kotheratu. Kuyambira mu 2013 pa mafoni a Apple, ndi mu 2015 pa mafoni a Android, makampani adaika loko woteteza ku akuba: foni ikafufutidwa mwini wake asadachotsemo akaunti yake, imafuna mawu achinsinsi a mwini wakale isadatseguke. Wogula amene walandira foni yotere ali ndi mwala wokongola m'manja. Wogulitsa ayenera kuchotsa akauntiyo tsiku lomwelo, ndipo akalephera, abweze ndalama zonse. Nzofanana ndi mafoni otengedwa pa ngongole, amene amadzitseka okha malipiro akaima. Kugulitsa foni yotere osanena za ngongoleyo ndi kusenzetsa mnzako katundu amene sadamuone.

Choona chikadziwika kuti chilema chidalipo, wogulitsa asazengereze. Ngati chilemacho nchachikulu, kotero kuti wogula sakadagula akadachidziwa, foni ibwerere ndipo ndalama zibwerere zonse. Ndipo ngati wogulitsa adabisa dala, mtengo wa basi ndi wa mmisiri ukhalenso wake, pakuti bodza lake ndilo lidabala zoonongeka zimenezo. Ngati chilemacho nchaching'ono ndi chokonzeka, monga batire kapena polowera chaja, ndipo wogula akuifunabe foniyo, nkokwanira kubweza mtengo wokonzetsera. Wosankha pakati pa njira ziwirizi, pa chilema chachikulu, akhale wolakwiridwa, osati wolakwa.

Kubwezako kuchitike mwanzeru. Foni ifike kaye ndi kuyesedwa, kapena zonse zichitike pa nthawi imodzi pa malo oonekera, pamaso pa mboni; anthu akakhala kutali, foni ingathe kusungidwa ndi munthu wachitatu wodalirika mpaka ndalama zitalowa. Ndalama zibwerere ku nambala yomwe zidachokera, osati ku ina imene munthu watchula pa foni, pakuti akathyali ena amadzitcha mbale wa wogula. Ndipo tisakhulupirire uthenga wongolembedwa wonena kuti ndalama zalowa kapena zatumizidwa molakwika. Tiyang'ane tokha zimene zili mu akaunti yathu, ndipo nambala yathu yachinsinsi tisauze munthu aliyense. Wogula naye achotse zithunzi ndi mauthenga ake asadabweze foni. Zikatsalamo, wogulitsa azifufute osaziwerenga, chifukwa chinsinsi cha munthu sichigulitsidwa pamodzi ndi chipangizo.

Nanga pamene choona sichikudziwika? Izi zimachitika, pakuti zilema zina zimabwera ndi kupita, ndipo mmisiri woona mtima nthawi zina amangoti sangathe kulumbira. Lamulo lakale la akatswiri a malamulo limati pa chikayiko, amene chinthu chili m'manja mwake ndiye ali pabwino, ndipo potsata lamulo limeneli wogulitsa angathe kusunga ndalama. Ife tikuona kuti pa malonda a pa intaneti lamuloli liyenera kufeŵetsedwa. Wogula adakhulupirira mawu a munthu wosamudziwa natumiza ndalama asadaone kanthu. Adayamba ndiye kuika khosi lake pa mpeni. Foni ikafa m'masiku oŵerengeka popanda chizindikiro cha kugwa kapena cha madzi, nkovuta kukhulupirira kuti matendawo adayambira pa basi. Pamenepo kugaŵana mtengo wokonzetsera, kapena kugaŵana kuluzako pakati, kuli pafupi ndi chilungamo kuposa kuti mmodzi asenze zonse. Koma pakapita miyezi itatu foni ikugwira ntchito bwino, wogula asaiŵale kuti adagula chinthu chakale pa mtengo wa chinthu chakale. Zakaunjika zimatha, ndipo wogulitsa sadalonjeze kuti foniyo idzakhala mpaka muyaya. Chimene chingathetse mikangano yambiri yotere ndi kugwirizana malonda asadachitike, molemba, kuti wogula ali ndi masiku atatu kapena asanu ndi awiri oyesera foni.

Tisasokoneze chilungamo ndi chifundo. Wogula amene wangosintha maganizo alibe chimene angalamule. Koma ngati ndi mayi wamasiye amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala usiku womwewo, ndipo foni ili monga idachokera, wogulitsa amene angathe kuilandiranso, ngakhale atachotsapo zimene waononga potumiza, wachita ntchito yachifundo imene Mulungu saiiŵala. Chimenechi tingathe kuchipempha kwa Mkristu, koma sitingamukakamize, ndipo akatekisiti asaike pa chikumbumtima cha munthu katundu amene Eklezia sadaike.

Malamulo a boma nawo ali ndi mawu ake, ngakhale kuti amagwira kwambiri anthu a bizinesi kuposa munthu wogulitsa foni yake imodzi. M'dziko muno muli lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula ndi kuchenjeza eni masitolo kuti chikwangwani chokana kulandiranso katundu sichiwamasula pamene katunduyo ali woonongeka. Amene amagula mafoni ambiri ndi kumagulitsa pa intaneti adziwe kuti iwo ndi amalonda, ngakhale alibe sitolo. Abale athu okhala ku Johannesburg amakumana ndi mawu akuti voetstoots, otanthauza kuti chinthu chagulitsidwa monga chiliri. Koma ngakhale kumeneko mawuwo sateteza munthu amene adabisa dala chilema chimene ankachidziwa. Ndipo amene ali ku Britain nagulitsa pa eBay amadziwa kuti wogula ali ndi masiku 30 odandaulira chinthu chosagwirizana ndi zimene zidalembedwa, ngakhale wogulitsa atalemba kuti salandira zobwezedwa. Paliponse mfundo ndi imodzi: kulemba kuti “zogulidwa sizibwezedwa” kumatseka khomo la wosintha maganizo, koma sikuyeretsa bodza.

Wina adzati: “Bambo mfumu, ndikuvomera kuti ndiyenera kubweza, koma ndalama ndadya kale.” Tikumumvera chisoni, pakuti tikudziwa kuti anthu ambiri amagulitsa foni chifukwa cha mavuto, ndipo kuchokera pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse mu November 2023, ndalama sizigona m'thumba. Chiphunzitso cha Eklezia nchakuti kusoŵa kumachedwetsa kubweza, koma sikukufafaniza. Mlandu suola. Munthu wotere anene zoona kwa wogula, apemphe nthawi, ndipo abweze pang'onopang'ono monga angathere, kapena agulitsenso foniyo pa mtengo woyenera chilema chake, atachiulula, kuti apeze poyambira. Chimene sangachite ndi kuigulitsa kwa munthu wachitatu ndi bodza lomwe lija kuti alipire wachiwiri.

Nkhaniyi imafika ndi ku Sakramenti la Kulapa. Augustine Woyera, m'kalata yake kwa Macedonius, adaphunzitsa kuti munthu amene angathe kubweza chimene adatenga koma osabweza, kulapa kwake nkongoyerekeza. Wansembe ali ndi mphamvu yokhululukira machimo m'dzina la Kristu, koma alibe mphamvu yokhululukira ngongole ya mayi wa ku Mzimba, pakuti ndalamazo si za wansembe. Nchifukwa chake wolapa amene adanyenga pa malonda ayenera kukhala ndi mtima wofunadi kubweza kuti kulapa kwake kukhale koona. Zakeyo wa ku Yeriko, pa Luka mutu 19, adalonjeza kubwezera kanayi aliyense amene adamunyenga, ndipo ndi pamenepo Ambuye adalengeza kuti chipulumutso chafika m'nyumba mwake. Kwa ife Eklezia sapempha kanayi. Apempha kamodzi kokha, koma kathunthu. Ngati wolakwiridwayo sakupezekanso titamufunafuna moona, nambala yake itazima ndipo dzina lake litasoŵa, chiphunzitso chakale chimati ndalamazo zipite kwa osauka, osati zibwerere m'thumba la wolakwa. Ndipo ngati zadziwika kuti foni imene tidagulitsa idali yobedwa, ngakhale ife tidaigula osadziwa, foniyo ndi ya mwini wake woyamba. Wogula wathu timubwezere ndalama zake, ndipo ife tikalondole amene adatigulitsa, pamodzi ndi apolisi ngati nkofunika.

Kwa wogula wokwiya tili ndi mawu amodzi. Chizoloŵezi chafala choika chithunzi cha munthu pa Facebook ndi kulemba pansi pake kuti “wakuba,” nkhani isadafufuzidwe nkomwe. Foni ingathe kubwezedwa, koma mbiri ya munthu ikafalitsidwa kwa anthu zikwizikwi palibe angaitolenso, ndipo woiononga molakwa ali ndi ngongole yoposa K180,000. Ambuye adatipatsa ndondomeko pa Mateyo mutu 18: poyamba kukambirana awiri, kenaka kutenga mboni imodzi kapena ziwiri, ndipo pambuyo pake kuuza mpingo. Kuchenjeza ena za wakuba wotsimikizika ndi koyenera, ndipo kupita ku polisi kapena ku khoti la majisitireti ndi ufulu wa aliyense. Koma zimenezi zibwere njira zoyambazo zitalephera.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a m'miphakati ndi m'malimana, mudzaitanidwa kukhala mboni zimenezo, makamaka pamene onse awiri ndi Akristu a parishi imodzi. Musayambe ndi kufunsa kuti wolakwa ndani. Pemphani kuti akuonetseni zimene zidalembedwa pa chilengezo, zithunzi zimene zidaikidwa, ndi mauthenga onse kuyambira tsiku loyamba, pakuti mwayi wa malonda ameneŵa ndi wakuti mawu sauluka monga a pa msika, amatsala olembedwa. Funsani tsiku limene foni idafika ndi tsiku limene dandaulo loyamba lidatumizidwa. Mverani aliyense payekha musadawakhazike pamodzi, ndipo ngati mmodzi ndi mbale wanu, perekani ntchitoyo kwa wina. Akagwirizana, lembani panganolo pa mapepala awiri ofanana: nambala ya IMEI ya foniyo, ndalama zimene zibwezedwe, masiku amene gawo lililonse lidzaperekedwe, ndi amene asunge foni mpaka gawo lomaliza litalipidwa. Onse awiri asaine pamodzi ndi inu, ndipo aliyense atenge pepala lake.